Mafunso ndi mayankho: Tiger Aspect, kampani imene inapanga Mr. Bean

Aliyense amene anaonerapo Mr. Bean mpaka kumapeto, pamene mayina a anthu ogwira ntchito amadutsa, anaonapo dzina la Tiger Television kapena Tiger Aspect. Ambiri amangolidumpha. Koma ena amafunsa, ndipo mafunso ake amakhala omwewomwewo. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta mpaka okhudza malamulo ndi ndalama.

Kodi Tiger Aspect ndi wailesi ya kanema?

Ayi. Ndi kampani ya ku London, m'dziko la Britain, imene imapanga mapulogalamu n'kuwagulitsa kwa mawailesi a kanema monga BBC, ITV ndi Channel 4. Ilibe tchanelo chakechake. Ntchito yake ndi kupeza nkhani, kulemba ntchito olemba ndi azisudzo, kujambula, kukonza zojambulidwazo, kenako n'kukapereka kwa wailesi imene yalipira. Inayamba ndi zoseketsa, ndipo mpaka pano anthu amaidziwira zimenezo, ngakhale kuti pambuyo pake inalowanso m'masewero osakhala a nthabwala ndi mapulogalamu a ana.

Anaiyambitsa ndani, ndipo liti?

Anaiyambitsa ndi a Peter Bennett-Jones mu 1988. Iwowa sanali munthu wooneka pa kanema. Ntchito yawo inali yoyendetsa nkhani za azisudzo: kuwapezera ntchito, kuwakambira malipiro ndi kuwasainira makontirakiti. Anali ndi kampani ina yochita zimenezi, yotchedwa PBJ Management potengera zilembo zoyamba za dzina lawo, ndipo mmodzi mwa anthu amene ankawaimira anali Rowan Atkinson, amene amasewera ngati Mr. Bean.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Makampani ambiri ang'onoang'ono a zoseketsa ku Britain anayamba chonchi, pafupi ndi munthu mmodzi kapena awiri amene mawailesi ankawafuna. Talkback inayambitsidwa mu 1981 ndi azisudzo Mel Smith ndi Griff Rhys Jones. Hat Trick inayamba mu 1986 ndi Jimmy Mulville, Rory McGrath ndi Denise O'Donoghue. Kampani yotere sinkafunika nyumba zazikulu kapena makamera akeake, popeza zonsezo ankachita kubwereka. Chuma chake chinali anthu amene akuyenda nayo.

N'chifukwa chiyani magawo akale amalembedwa Tiger Television osati Tiger Aspect?

Tiger Television ndilo dzina loyamba. Mu 1993 kampaniyi inaphatikizana ndi ina yotchedwa Aspect, imene inkapanga kwambiri mapulogalamu a zochitika zenizeni, ndipo mayina awiriwo anangolumikizidwa.

BBC ndi ITV zinali ndi antchito awo ndi malo awo ojambulira. Kampani yaing'ono inapeza bwanji danga?

Zikanakhala m'ma 1970, sikanalipeza. Nthawi imeneyo wailesi inkapanga yokha pafupifupi chilichonse chimene inkaulutsa. Wolemba nthabwala akafuna kuti ntchito yake ioneke, ankapita ku BBC kapena ku imodzi mwa makampani a ITV, n'kulandira malipiro ake, basi. Pulogalamuyo inkakhala ya wailesi.

Zinthu zinayamba kusintha pa 2 November 1982, pamene Channel 4 inayamba kuulutsa. Tchanelo chimenechi chinakhazikitsidwa m'njira yoti chisamapange chokha mapulogalamu, koma chizigula kwa ena. Mwadzidzidzi panapezeka msika. Anthu amene anali pantchito ku BBC ndi ITV anayamba kutuluka n'kutsegula timakampani tawo, ena m'kachipinda kamodzi ndi telefoni imodzi.

Kenako boma la a Margaret Thatcher, limene linkakhulupirira kwambiri mpikisano pa malonda, linafuna kuti nazonso BBC ndi ITV zitsegule zitseko. Komiti ya Peacock, imene boma linaika kuti iunike za ndalama za BBC, inatulutsa lipoti lake mu 1986, ndipo lamulo la Broadcasting Act la mu 1990 linanena kuti magawo 25 pa 100 alionse a mapulogalamu ena, kupatula nkhani, azigulidwa kwa makampani odziimira paokha. Mawailesi anali atayamba kale kukonzekera lamulolo lisanadutse m'nyumba ya malamulo. Tiger inabadwa pakati penipeni pa zaka zimenezi. Kunena zoona, luso lokha silikanakwanira. Panali azisudzo aluso m'ma 1970 amene sanakhalepo ndi kampani yawo chifukwa kunalibe kokagulitsa.

Ndiye kampaniyi ndi imene inapeka Mr. Bean?

Ayi, munthuyu analipo kale kampani isanabadwe. Rowan Atkinson, amene anabadwa mu 1955, anaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ku Newcastle, kenako n'kupitiriza ku Oxford. Kumeneko ndi kumene anayamba kuyeserera pa siteji munthu wosalankhula, wokhotetsa nkhope, amene kanthu kakang'ono kamamusandukira nkhondo. Ku Oxford komweko anakumana ndi Richard Curtis, amene anadzakhala mnzake wolemba naye, ndi Howard Goodall, amene anadzapeka nyimbo ya pulogalamuyi. Nyimboyo imaimbidwa ndi kwaya m'Chilatini ngati ya m'tchalitchi, koma mawu ake amangotanthauza kuti onani munthu amene ndi nyemba.

Chimene Tiger inachita ndi kutenga munthu wa pa sitejiyo n'kumuika pa kanema. Gawo loyamba linaulutsidwa pa ITV pa 1 January 1990, ndipo chaka chomwecho linapambana mphotho ya Golden Rose ku Montreux, m'dziko la Switzerland. Olemba magawo ambiri anali Atkinson, Curtis ndi Robin Driscoll. Ben Elton anathandiza pa gawo loyamba.

Magawo a Mr. Bean alipo angati?

Alipo 15, amene anatuluka pakati pa 1990 ndi 1995. Ambiri akamva nambala imeneyi amakana, amati pali ena amene sitinawerenge. Palibe. Chimene chimasokoneza n'chakuti gawo limodzi limakhala ndi tinkhani tiwiri kapena titatu, ndipo tinkhaniti tadulidwadulidwa n'kuikidwa pa intaneti patokhapatokha, kusakanizidwa m'njira zosiyanasiyana, mpaka munthu kuganiza kuti ndi mazana. Onjezani makatuni, mafilimu awiri ndi tizidutswa tojambulira bungwe lothandiza osauka la Comic Relief, ndiye chisokonezo chakwana.

Kuchepa kwake kuli ndi zifukwa. Ku America sewero loseketsa limalembedwa ndi gulu lalikulu la anthu, ndipo limatulutsa magawo opitirira 20 pa chaka. Ku Britain mwambo ndi wakuti alembe munthu mmodzi kapena awiri, magawo asanu ndi limodzi, akatopa n'kusiya. Mr. Bean sankatsatira ngakhale mwambo umenewu: ankabwera mwa apo ndi apo, kawirikawiri pa nyengo ya tchuthi. Komanso nthabwala zopanda mawu n'zovuta kupeka. Kukhala ndi munthu akuvutika kuvula thalauza n'kuvala kabudula wosambirira osaonetsa thupi, n'kusunga anthu akuseka kwa mphindi zingapo, kumafuna kuyeserera mobwerezabwereza kuti dzanja lililonse ligwe pa nthawi yake.

Gawo la mu 1992 lotchedwa The Trouble with Mr. Bean linaoneredwa ndi anthu opitirira 18 miliyoni ku Britain kokha.

Nanga mayina a Thames ndi Central amene amaonekanso ndi a chiyani?

ITV ya nthawi imeneyo sinali kampani imodzi. Inali gulu la makampani a m'zigawo, iliyonse ndi chiphaso cha dera lake. Thames Television inkaulutsa ku London pakati pa sabata, ndipo ndiyo inapatsa Tiger ntchito ya magawo oyamba. Mu 1991 ziphaso zinagulitsidwanso pa mpikisano, Thames n'kugonja kwa Carlton, ndipo inasiya kuulutsa kumapeto kwa 1992. Magawo otsatira anafika pa ITV kudzera ku Central, kampani ya chigawo chapakati cha England. Taonani apa: wailesi yaikulu inataya chiphaso, koma kakampani kamene kanali ndi Atkinson kanangopeza khomo lina.

N'chifukwa chiyani Mr. Bean salankhula? Anachitira dala kuti agulitsidwe kunja?

Anthu amakonda kuganiza kuti unali ukathyali wa a zamalonda, koma monga tanenera pa funso la amene anapeka munthuyu, kusalankhulako kunayambira pa siteji ya ophunzira, kampani kulibe. Atkinson wakhala akunena kuti anatengera kwambiri kwa Jacques Tati, katswiri wa ku France wa nthabwala zochita ndi thupi. Amafotokozanso Bean ngati mwana amene ali m'thupi la munthu wamkulu, ndipo mwana wotere safotokoza zolinga zake, amangochita.

Komabe ankadziwa mphamvu ya chinthu chimene anali nacho. Mu 1987, pa chikondwerero cha nthabwala cha Just for Laughs ku Montreal, m'dziko la Canada, anapempha kuti akasewere pamaso pa anthu olankhula Chifalansa, osati Chingerezi, pofuna kuona ngati angaseke. Anaseka.

Kwa kampani, phindu lake n'loonekeratu. Nthabwala za mawu zimafa zikamasuliridwa. Chimene chimaseketsa munthu wa ku London chimatha kukhala phokoso chabe kwa wa ku Jakarta. Pulogalamu imene ili ndi mawu ochepa safuna kuilowetsa mawu ena kapena kulemba pansi pa chithunzi, choncho wailesi ya dziko lililonse imaigula n'kuiulutsa mmene ilili. Ndege nazo zinkaikonda, chifukwa wokwera amatha kutsatira ngakhale asanavale zomvera m'makutu. Ine ndimaona kuti chimene chimagwira anthu si kupusa kwa Bean, koma kuuma mtima kwake. Ndi munthu wodzikonda, wachinyengo pa mayeso, wochitira nsanje ana, wozunza chibwenzi chake Irma Gobb, ndipo iyeyo Bean chikondi chake chonse chili pa chidole chotchedwa Teddy ndi kagalimoto kake ka Mini. Akanakhala munthu wabwino, bwenzi titamuiwala kale.

Kuseka kumene kumamveka m'kati, ndi anthu enieni?

Mwambo wa masewero oseketsa a ku Britain m'zaka zimenezo unali wojambula zochitika za m'nyumba pamaso pa anthu oitanidwa ku situdiyo. Zojambulidwa panja, monga za pamsewu kapena kupaki, ankazionetsa kwa anthuwo pa sikirini n'kujambula kuseka kwawo. Pokonza amatha kuchepetsa kapena kusalaza phokosolo, koma gwero lake ndi anthu amene anakhala pansi n'kuonera.

Kupatula Mr. Bean, kampaniyi inapanganso chiyani?

Kunja anthu amaidziwa ndi Bean, koma ku Britain kwenikweni ambiri angatchule The Vicar of Dibley. Mu 1992 mpingo wa Church of England unavomereza kuti amayi azidzozedwa unsembe, ndipo oyamba anadzozedwa mu March 1994. Mu November chaka chomwecho BBC inayamba kuulutsa sewero la Richard Curtis, limene ankalemba ndi Paul Mayhew-Archer, lonena za mudzi wopeka wotchedwa Dibley umene ukudikira wansembe watsopano n'kulandira mayi. Dawn French ndiye ankasewera ngati Geraldine Granger, wansembe wokonda chokoleti ndi nthabwala, pakati pa akuluakulu a tchalitchi amene aliyense ali ndi misala yakeyake. Nkhani imene inali itagawanitsa mpingo inalowa m'nyumba za anthu kudzera m'kuseka, ndipo seweroli silinanyoze chikhulupiriro cha munthu. Linkabwera mwa apo ndi apo mpaka pa 1 January 2007. Pa chisankho cha BBC cha mu 2004 cha sewero loseketsa lokondedwa kwambiri, linakhala lachitatu.

Panalinso The Thin Blue Line, la mu 1995 ndi 1996, lolembedwa ndi Ben Elton, mmene Atkinson ndi mkulu wa apolisi wokonda malamulo ndiponso wolankhula kwambiri, zimene zimadabwitsa amene amangomudziwa ngati Bean. Kenako Harry Enfield and Chums, Gimme Gimme Gimme, The Catherine Tate Show kuyambira mu 2004, Benidorm pa ITV kuyambira mu 2007 mpaka 2018, ndi Bad Education ya Jack Whitehall mu 2012. Kwa ana inapanga Charlie and Lola. Ndipo amene amaonera Peaky Blinders, imene inayamba mu 2013 ndipo mulibe choseketsa chilichonse, adzapezamo dzina la Tiger Aspect pambali pa la kampani ya Caryn Mandabach.

Blackadder ndi Johnny English nazonso ndi zawo?

Ayi. Blackadder inapangidwa ndi BBC pakati pa 1983 ndi 1989, ndipo Tiger Aspect inangotenga mbali pa gawo limodzi lapadera la mu 1999. Mafilimu a Johnny English ndi a kampani ina ya mafilimu yotchedwa Working Title. Kuti Atkinson ali m'kati sizitanthauza kuti Tiger ndiyo yapanga.

Nanga mafilimu awiri a Mr. Bean?

Yoyamba, yotchedwa Bean, inatuluka mu 1997 motsogoleredwa ndi Mel Smith, ndipo inapeza ndalama zopitirira madola 250 miliyoni padziko lonse. Yachiwiri, Mr. Bean's Holiday, inatuluka mu 2007. Filimu imadya ndalama zimene kampani ya mapulogalamu a pa kanema singakwanitse yokha, choncho m'mafilimu onse awiri Tiger inagwira ntchito ndi Working Title. Yoyamba ija inamupititsa Bean ku Los Angeles n'kumulankhulitsa kwambiri, mpaka kuyankhula pamaso pa gulu. Yachiwiri, yochitikira ku France, inamubwezera ku kusalankhula, ndipo kwa ine ndiyo ili pafupi ndi Bean weniweni. Nthambi ya mafilimu ya kampaniyi inatengakonso mbali pa Billy Elliot mu 2000.

Makatuni a Mr. Bean ndi a kampani yomweyi?

Inde. Anayamba kuonetsedwa mu 2002, ndipo anayambiranso mu 2015 atapuma zaka zingapo. Atkinson ndiye amapereka mawu ake, kung'ung'udza konse kuja. M'makatuni anaonjezamo anthu amene kale kunalibe, monga Mrs. Wicket, mwini nyumba imene Bean amachita lendi, ndi mphaka wake wankhanza. Magawo a makatuni ndi ochuluka kutalitali kuposa 15 aja, moti ana ambiri lero amayamba kudziwa Bean wojambulidwa asanaone munthuyo.

Kampani yotere imapeza bwanji ndalama?

Poyamba njira inali imodzi. Wailesi inkalipira ndalama zonse zojambulira, n'kuonjezapo kagawo kochepa ngati malipiro a kampani. Pobweza, nthawi zambiri wailesiyo inkatenga umwini wa pulogalamu: ikagulitsidwa kunja kapena pa matepi a vidiyo, phindu lalikulu linkapita kwa iyo. Kampani yaing'ono inali ngati mmisiri womanga nyumba ya wina. Ntchito ikatha, akafune ina. Okhawo amene anali ndi munthu wotchuka m'manja ndiwo ankatha kulimbalimba pokambirana, ndipo apa mukuona ubwino wokhala ndi mwini kampani amene analinso woimira azisudzo.

Bungwe la makampani odziimira, lotchedwa Pact, linamenyera nkhondo kuti izi zisinthe. Lamulo la Communications Act la mu 2003 linabweretsa dongosolo latsopano: mawailesi akuluakulu azingogula chilolezo choulutsa pulogalamu kwa nthawi yoikika, koma umwini uzitsala kwa kampani imene yaipanga. Kuyambira pamenepo kampani inkatha kugulitsa pulogalamu yake kunja, kugulitsa ma DVD, kugulitsa chilolezo choti dziko lina lipange yakeyake, ngakhale zidole ndi zovala. Pulogalamu yakale inasanduka katundu wobereka ndalama chaka ndi chaka, ndipo masiku ano YouTube ndi Facebook, kumene Mr. Bean ali ndi omutsatira mamiliyoni ambiri, zinaonjezera njira ina.

Mwini wake ndani lero?

Lamulo lomwelo limene linalemeretsa timakampaniti ndi limene linachititsa kuti tigulidwe. Kampani yokhala ndi umwini wa mapulogalamu inakhala chinthu chokopa a ndalama, ndipo eni ake ambiri, amene anali atagwira ntchito zaka 20, anagulitsa. Tiger Aspect inagulidwa mu 2006 ndi IMG, kampani ya ku America yodziwika ndi kuimira akatswiri a masewera. Mu 2009 IMG inaigulitsa kwa Endemol, kampani yochokera ku Netherlands imene inayambitsa Big Brother. Endemol inaphatikizana ndi Shine n'kukhala Endemol Shine, ndipo mu 2020 gulu lonselo linagulidwa ndi Banijay ya ku France pa mtengo wa pafupifupi madola 2.2 biliyoni. Nsomba yaing'ono inamezedwa ndi yaikulu, yaikuluyo n'kumezedwanso. A Bennett-Jones anachoka pa utsogoleri wa kampaniyi itagulitsidwa.

Ndiye tingaitchulebe yaing'ono kapena yodziimira payokha?

Yaing'ono inali pachiyambi. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inali kale pakati pa makampani odziimira akuluakulu a ku Britain. Mawu akuti yodziimira nawo amasokoneza, chifukwa m'malamulo a kumeneko satanthauza kuchepa kapena kusakhala ndi bwana. Amayang'ana ngati wailesi ya kanema ili ndi gawo lalikulu la umwini m'kampaniyo. Choncho kampani ikhoza kukhala nthambi ya gulu la mayiko ambiri n'kumatchedwabe yodziimira, zimene ena m'ntchitoyi amadandaula nazo, poti lamulo la magawo 25 lija cholinga chake chinali kupatsa mpata ang'onoang'ono.

Pali ubale wanji pakati pa kampaniyi ndi Comic Relief?

Ubale wake ndi wa anthu, osati wa umwini. Comic Relief ndi bungwe lothandiza osauka limene Richard Curtis ndi Lenny Henry anathandiza kuyambitsa mu 1985, njala itavuta ku Ethiopia, ndipo tsiku lake losonkhetsa ndalama la Red Nose Day linayamba mu 1988. A Bennett-Jones anakhala wapampando wa bungweli kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake pali tizidutswa tapadera ta Mr. Bean ndi The Vicar of Dibley timene sitiwerengedwa pa magawo enieni.

Kodi adzajambulanso magawo atsopano a Mr. Bean wa munthu, osati katuni?

Atkinson wanenapo kangapo kuti kusewera Bean kumamutopetsa ndi kumupanikiza, ndiponso kuti munthu wa zaka zopitirira 50 akamachita zachibwana zimayamba kumvetsa chisoni m'malo moseketsa. Kupereka mawu m'makatuni amati n'kosavuta. Komabe sanamutayiretu. Pa 27 July 2012, pa mwambo wotsegulira masewera a Olympics ku London, anakhala pakati pa oimba a London Symphony Orchestra motsogoleredwa ndi Simon Rattle, akudina kiyi imodzi yokhayokha ndi chala chimodzi, kutopa nayo, kutulutsa foni, kuyetsemula, mpaka kudina ndi nsonga ya ambulera pamene akufufuza kansalu kopukutira mphuno m'chikwama chake. Amaonekanso mwa apo ndi apo m'zotsatsa malonda ndi m'tizidutswa tothandizira osauka. Koma magawo enieni a pa kanema akadali 15 omwe aja.